Zilembo n'zomwezo koma mawu sakumvana: though, through, tough ndi anzake

Lachitatu madzulo

Make Tadala: Madzulo abwino nonse. Aphunzitsi amene muli pagulu pano ndithandizeni chonde, mutu waima. Tadala wabwera ndi ntchito ya kusukulu, akuti alembe mawu khumi a Chingerezi okhala ndi zilembo izi "ough", apereke matanthauzo ake, mawa akawerenge pamaso pa anzake. Tapeza asanu ndi awiri: though, through, tough, cough, enough, thought, plough. Matanthauzo tawapeza mu dikishonale yakale ya bambo ake. Koma pofika powerenga ndiye zavuta. Anayamba ndi tough, ine n'kumuuza kuti ndi "tafu", ndiye wangotenga "afu" yemweyo n'kumaika paliponse. Though akuti "thafu", plough akuti "plafu". Nditamukonza wayamba kulira, akuti amama mukundisokoneza, zilembotu n'zomwezo. Ndasowa chomuyankha chifukwa akunena zoona. Magetsi anazima kalekale, tikuunikira ndi tochi ya foni, kope talitsamiritsa pa mashini anga osokera. Kodi lamulo lake ndi lotani?

Bambo a Mphatso: Pepani mayi, ifenso tinakumana nazo chaka chatha. Dikirani a Nabanda alowe.

Nabanda: Ndafika, ndinali kumoto. Mayi, choyamba mupukuteni misozi mwanayo, mumuuze kuti nzeru zake zili bwinobwino. Iye wachita zimene Chichewa chinamuphunzitsa. Kwathu kuno chilembo chikati "a" ndi "a" basi, kaya mu "amayi" kaya mu "nsima", ndipo mwana akangodziwa maphatikizo amawerenga ngakhale liwu limene sanalionepo chibadwire. Chingerezi sichiyenda choncho, ndipo pa "ough" m'pamene chinanyanyira. Lamulo limene mukulifunalo palibe. Chimene ndimachita m'kalasi n'chakuti liwu lililonse ndimalipezera mnzake wosavuta womveka naye mofanana kumapeto, mwana n'kumawagwira awiriawiri.

Though, kutanthauza "ngakhale", amayenda ndi go. Dough alinso pomwepo, ndi ufa wokandakanda uja wa mandasi kapena buledi usanapite pamoto. Through, kudzera kapena kupyola, amayenda ndi blue. Tough, cholimba, rough, chokhakhala, ndi enough, zokwanira, atatu onsewa amayenda ndi stuff. Cough, kutsokomola, amayenda ndi off, ndiye ndi "kofu" osati "kafu". Thought, ganizo, ali ndi anzake bought, brought, fought, omveka ngati caught. Plough, pulawo ya ng'ombe, amayenda ndi cow, ndipo drought, chilala, amayenda ndi out. Mukaonjeza rough, dough ndi drought pa anu aja, khumi akwana.

Make Tadala: Ambuye akudalitseni aphunzitsi, tikulemba. Ndiye kuti zilembo zinayi zokhazi zikutuluka m'njira zisanu ndi imodzi?

Nabanda: Pa mawu tatchulawa, eya. Mukaikapo thorough, kuchita chinthu mosamala osasiyako kena, zikwana zisanu ndi ziwiri, chifukwa iyeyo kumapeto amangotulutsa "a" wofooka.

Mphunzitsi wopuma: Ana anga, ine ndagwira choko zaka 34 ku pulayimale. Mankhwala a zimenezi ndi amodzi, lembetso. Lachisanu lililonse mawu 20, wolakwitsa alembe liwulo kakhumi mpaka dzanja lizolowere. Ana amene ndinawaphunzitsa choncho mpaka lero amalemba kalata yoyera. Masiku ano mukufuna mwana amvetse chifukwa cha chilichonse, pamene zina zilibe chifukwa. Mwana aloweze, basi.

Malume a ku Joni: Agogo, ndikupempha kutsutsako pang'ono, mundikhululukire. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pali chimene ndachiona kuno. Ndimagwira ntchito mu bekale ku Western Cape, kumene anthu ambiri amayankhula Chiafrikaans, chija ena kwathu amati Chibunu. Ufa wokanda umene a Nabanda akuti dough, anzanga pantchito amati deeg, ndipo "g" wakumapetoyo amamutchula ndithu, amakhala ngati munthu akukhwekhwereza kukhosi pofuna kuchotsa makhololo. Ndikamathira madzi mu mashini okandira, mkulu wathu akafuna kuti ndisiye amakuwa kuti genoeg, ndiye enough ameneyo. Nditatchera khutu ndinapeza kuti n'zambiri. Chilala amati droogte, pulawo amati ploeg, usiku nag, kuwala lig, mwana wamkazi dogter, kuseka lag, 8 amati agt. Mukaziika pafupi ndi drought, plough, night, light, daughter, laugh, eight, paliponse pamene Mngerezi walemba "gh" wosamveka kapena womveka ngati "f", awa ali ndi "g" wa kukhosi uja. Sizingangochitika mwangozi zimenezi.

Nabanda: Malume, mwakhudza penipeni. Si mwangozi ayi. Chingerezi, Chidatchi chimene chinabala Chiafrikaans, ndi Chijeremani ndi ana a mimba imodzi. Kalekale Angerezi nawonso "gh" ankamutchula kukhosi momwe mukumvera kumeneko. Ajeremani mpaka lero amati Nacht, Licht, Tochter, ndipo ku Scotland liwu la kukhosilo likadalipo mu loch, kutanthauza nyanja. Ku England linayamba kutha cha m'zaka za m'ma 1400 mpaka m'ma 1600. M'mawu ena linangozimirira, monga though ndi night. M'mawu ena linasanduka "f", n'chifukwa chake tili ndi laugh, cough, tough, enough. Pa nthawi yomweyonso katchulidwe ka mavawelo aatali kanasintha kwambiri.

Tsono vuto linadza apa. M'chaka cha 1476 William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster. Mabuku atayamba kuchuluka, kalembedwe kanayamba kuuma pang'onopang'ono pamene pakamwa pa anthu pakusinthabe. Pofika 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake, masipelo ambiri anali atakhazikika kale. Ndiye zimene Tadala akuona pa kope lakelo ndi mmene anthu ankayankhulira zaka 600 zapitazo, pamene zimene akumva kwa aphunzitsi ake ndi za lero. Ku America Noah Webster anayesako kupeputsa mu dikishonale yake ya 1828, ndipo kumeneko amalemba plow ndi color, koma though ndi through anawasiya momwemo.

Agogo, chifukwa chilipo. Kuloweza sindikukana, koma mwana wodziwa kuti "gh" ndi chipsera cha liwu limene linafa saganizanso kuti iyeyo ndi mbuli.

Namwino wa ku Leicester: Moni kumudziko. Ndikuwerenga ndili pa basi yochokera kuntchito. Make Tadala, mumuuze mwanayo kuti ngakhale eni chinenero amavutika nazo. Wanga wa zaka 7 amabwera ndi mndandanda wa masipelo mlungu uliwonse, ndipo ku England kuno ana a zaka pafupifupi 6 amayesedwa ndi boma kuti aone ngati akutha kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake. Pafupi ndi kuno pali tawuni yolembedwa Loughborough. "Ough" alimo kawiri, koma woyamba ndi "af", wachiwiri ndi "a" wofooka, eni ake amangoti "Lafbra". Ina kufupi ndi London yolembedwa Slough amati "Slau". Leicester yeniyeniyi ndi "Lesta". Nditangofika kumene ndinkalemba dzina la malo pa pepala n'kuonetsa wogulitsa matikiti, chifukwa ndikatchula momwe ndikuonera sankandimva.

Make Tadala: Ndamuwerengera za Loughborough, waseka, misozi yauma. Tikupitiriza kuyeserera.

Wa Fomu 4: Pepani makolo, ndilowererepo ngakhale ndine mwana. Ine mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo mukudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi sulandira ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Zimene ndawerenga apazi zandifooketsa. Ndimaganiza kuti ndikaona mawu ofanana zilembo ndiye kuti matanthauzo akenso ayandikana, ndipo ndi mmene ndimayankhira mafunso a nkhani yowerenga ndikakumana ndi liwu lachilendo. Ndiye kuti ndakhala ndikudzinamiza?

Nabanda: Ayi mwanawe, usafooke, funso lako ndi limene ndimafuna wina afunse. Kufanana kwa zilembo kuli pawiri. Pali kufanana nkhope chabe, ngati anthu awiri okumana pamsika amene wina wa ku Nsanje wina wa ku Chitipa. Though ndi tough ndi otero, palibe chowalumikiza pa tanthauzo. Ndiye pali ubale wa magazi, pamene mawu achokera ku tsinde limodzi. Kwachiwiriku n'kumene kuli chuma chako.

Tiyambire kwathu. Tenga tsinde lakuti "lemb". Tili ndi kulemba, mlembi, cholembera, kalembera, malemba, kulembetsa, kulemberana, chilembo, lembetso limene agogo amalikonda. Palibe anakukhazika pansi kuti uloweze mawu onsewa limodzilimodzi. Unangodziwa "lemb", ndipo aphatikiri akabwera kutsogolo kapena kumbuyo umadziwa kuti nkhani ikadali ya kulemba. Chingerezi chili ndi "lemb" wake amene chinabwereka ku Chilatini, ndiye scrib kapena script. Scribe ndi mlembi. Scripture ndi malemba oyera, monga momwe ifenso timanenera kuti Malemba. Describe, kufotokoza chinthu, poyamba kunali kuchilemba pansi. Subscribe, sub ndi pansi, ndiye kulemba dzina lako pansi pa chikalata kuti wavomera, kulembetsa kwenikweni, ndipo ndi liwu lomwelo limene umadina pa YouTube. Transcript, trans ndi kuoloka, zolembedwa zosamutsidwa kuchokera kwina, monga pepala la magiredi ako. Manuscript, manu ndi dzanja, zolembedwa pamanja. Inscription, zolembedwa pa mwala kapena pa chipilala. Waona? Tsinde limodzi lakupatsa mawu asanu ndi awiri, ndipo sitinawamalize.

Namwino wa ku Leicester: Ndiye prescription imene ndimagwira tsiku ndi tsiku ili m'banja lomweli! Pre ndi patsogolo, dokotala walemberatu mankhwala wodwala asanakalandire.

Nabanda: Ndi momwemo achemwali. Tsinde lina ndi spect, kuyang'ana. Inspect, kuyang'ana m'kati, n'chifukwa chake woyendera sukulu ndi inspector. Spectator, woonerera mpira. Spectacles, magalasi a maso. Suspect, kuyang'ana munthu cham'munsi, kumukayikira. Respect, kucheukira munthu n'kumuyang'ananso, kumupatsa ulemu. Chifukwa chake mawu otere ndi ochuluka chonchi m'Chingerezi n'chakuti mu 1066 anthu a ku Normandy oyankhula Chifalansa anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, Chilatini chili cha tchalitchi ndi maphunziro. Mawu ambiri a kumunda ndi a pakhomo anatsala a makolo awo, a m'maofesi ndi m'mabuku anabwera ndi alendo. Mawu ovuta amene umakumana nawo pa mayeso ambiri ndi a gulu lachiwirili, ndipo ndi amene amagawika bwino m'zidutswa.

Mphunzitsi wopuma: Apa pokha ndikuvomerezani a Nabanda. N'chifukwa chake Kamuzu atatsegula sukulu yake ku Mtunthama mu 1981 analimbikira kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Anzathu amene anadzera ku seminale nawonso Chingerezi chawo chinali chakupsa pa chifukwa chomwechi. Koma ndikuchenjezeni. Njira imeneyi mukaipereka kwa mwana popanda malire, adzayamba kulota matanthauzo. Ndibweranso, ndikamwe kaye mankhwala.

Dalaivala wa thanki: Madzulo abwino mabwana ndi madona. Ndaima pa chipata cha Dedza, mapepala atuluka mawa, ndiye nthawi ndili nayo. Ine banja langa ndi la port. Transport, import, export, deport, report, ndi mawu amene ndimawaona pa mapepala tsiku lililonse. Ndinkangowadziwa payekhapayekha. Kodi nawonso ndi amodzi?

Nabanda: Ndi amodzi achimwene. Portare m'Chilatini ndi kunyamula. Transport, kunyamula kuolotsa. Import, kunyamula kulowetsa, export kutulutsa. Deport, kumunyamula munthu kumuchotsa m'dziko. Report, kunyamula nkhani kubwerera nayo kwa amene anakutuma. Support, kunyamula cham'munsi, kuchirikiza. Portable, chonyamulika. Porter wa kuchipatala kapena ku hotela, wonyamula. Koma port ya ku Beira kumene mumakatenga mafutayo ndi liwu lina, portus, doko, ndipo passport ili mbali imeneyo, chilolezo chodutsira padoko.

Dalaivala wa thanki: Zikomo aphunzitsi. Tsono pali lina limene linatsala pang'ono kutipweteketsa, ndilinene kuti ana amve. Tsiku lina tinagona pa malo ena oimikapo magalimoto, ndili ndi mnyamata amene ankaphunzira ntchito. Usiku ndikutuluka m'galimoto ndinamupeza wayatsa mbaula ya makala pafupi ndi matayala a kumbuyo, akuphika tiyi, thanki ili yodzaza petulo. Mtima unangoti phwii. Ndinathira madzi a m'chigubu pa mbaulapo osayankhula kanthu, kenaka n'kumufunsa ngati sanaone zolembedwa zofiira pa thankiyo. Iye anati waona, palembedwa highly inflammable, ndipo kusukulu anaphunzira kuti "in" ndi kukana, monga incorrect ndi incomplete, ndiye amayesa kuti thankiyo anaipanga yosagwira moto. Sanali wopusa mnyamatayo, Fomu 4 anamaliza. Anatsatira lamulo limene anaphunzitsidwa.

Mphunzitsi wopuma: Ndabwera, ndipo a dalaivala andiyankhulira kale. Ndi zimenezo ndimanena. Inflammable ndi chinthu chosachedwa kuyaka. Invaluable si chopanda mtengo wake ayi, ndi chamtengo wapatali zedi moti sungachiwerengere. Infamous si munthu wosadziwika, ndi wotchuka ndi zoipa. Portion ndi portrait ali ndi port koma sanyamula kanthu. Carpet mulibe car, galimoto, mulibe pet, chiweto. Mwana wongodalira kudula mawu adzagwa m'mbuna. Safunsa anadya phula. Dikishonale ikhale pafupi.

Nabanda: Agogo, pamenepa sindikutsutsani, ndipo nkhani ya a dalaivalayi yandiopsa. "In" alipo awiri. Wina ndi wokana, wa mu incorrect. Wina ndi wolowetsa, wa mu import, inspect, income. Inflammable ndi wa inflame, kuyatsa, kulowetsa chinthu m'malawi. Chisokonezo chimenechi chinadziwika kalekale, n'chifukwa chake pa zinthu zambiri masiku ano amangolemba flammable, ndipo chosayaka amati non-flammable. Ndiye iwe wa Fomu 4, tsinde likupatse poyambira, osati pomalizira. Ukalota tanthauzo, libwezere m'chiganizo uone ngati likukhala. Likakana, litaye. Ukafika kunyumba, tsegula dikishonale.

Ndipo tisamayese kuti misampha yotere ndi ya Chingerezi chokha. Mlendo wophunzira Chichewa akaona "mtengo" angadziwe bwanji ngati ndi wa mango kapena wa shuga pa golosale? "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso? Ife timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu ndiponso nkhani imene ikukambidwa, osaganizako n'komwe.

Nachisale wa ku Ulongwe: Moni abale a ku Malawi, ine ndili mbali ino ya Angónia. Ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi ndikuphunzira ukulu uno chifukwa cha malonda a mbatata ya kachewere ku Lizulu. Zimene akunena a Nabandazi kwa ine ndiye khomo lolowera. Kulemba timati escrever, ofesi escritório, ndiye describe ndi script sindinavutike nawo. Dzanja ndi mão, chitseko porta, doko porto, ndipo pa thanki ya a dalaivala mbali ya kuno palembedwa inflamável. Koma mawu a though ndi through aja, amene malume akuti akufanana ndi Chibunu, kwa ine ndi mdima weniweni chifukwa Chipwitikizi chilibe nawo ubale wapafupi. Chinanso, kodi mukudziwa kuti "kalata" yathuyi ndi carta ya Chipwitikizi? Nsapato ndi sapato, kapitawo ndi capitão.

Nabanda: A Nachisale mwandikumbutsa chinthu chokoma. Carta imachokera ku charta ya Chilatini, pepala, ndipo kumeneko n'kumene Chingerezi chinatenga card, chart, charter, carton ndi cartoon. Ndiye kalata ndi katoni ndi pachibale, wina anadzera ku Zambezi ndi Apwitikizi, wina anadzera kwa Angerezi, n'kudzakumana m'Chichewa. Kapitawo nayenso ndi mbale wa captain ndi capital, onse ochokera ku caput, mutu. Kapitawo ndi mutu wa anthu pantchito, capital ndi mzinda umene uli mutu wa dziko.

Bambo a Mphatso: Zonsezi n'zabwino, koma ndifunse mosabisa. Masiku ano foni ndi kompyuta zimakonza zokha sipelo. Kodi m'pofunikadi kuwazunza ana ndi zimenezi?

Nangozo: Bambo a Mphatso, ine ndimalandira makalata ofunsira ntchito ku ofesi kwathu, ndiyankhe ndine. Kompyuta imagwira liwu limene kulibe. Liwu limene lilipo koma lakhala pamalo polakwika imalisiya lidutse. Munthu amalemba loose pofuna kunena lose, principle pofuna principal, leave pofuna live, stationary pofuna stationery, ndipo mzere wofiira suoneka. Choopsa kwambiri kwa ife ndi "l" ndi "r". Ndalandirapo kalata ya munthu wofuna ntchito yotolera ndalama atalemba kuti amadziwa "to correct money". Mabwana amangoiika pambali, ine mtima n'kumandipweteka chifukwa ndikudziwa kumene vutolo lachokera. M'Chichewa "l" ndi "r" sasintha tanthauzo, timangotsata lamulo la kalembedwe lakuti "r" abwere pambuyo pa "i" kapena "e", monga kulira ndi kulera. Khutu lathu silinaphunzitsidwe kuwalekanitsa. M'Chingerezi collect ndi correct, play ndi pray, light ndi right ndi zinthu zosiyana kutalitali.

Malume a ku Joni: Koma nawonso a kuno "h" wathu amawavuta. Ndinayesa kuphunzitsa mnzanga kusiyana kwa kuponya ndi kuphonya, mpaka lero sakumva.

Nabanda: Ndipo "ph" ameneyo ndi msampha wina kwa ana athu, malume. Kwa ife ndi "p" wotuluka ndi mpweya, phala, phiri. M'Chingerezi ndi "f", chizindikiro chakuti liwulo linachokera ku Chigiriki: phone, photo, pharmacy, alphabet. Koma mu shepherd mulibe "f", chifukwa ndi sheep ndi herd zolumikizidwa.

Ndisanagone ndinene chimene chinandisintha ine kaphunzitsidwe. Ndinkadana nazo zilembo zosatchulidwa, ndinkaziona ngati katundu wolemetsa ana pachabe. Kenaka ndinazindikira kuti zambiri mwa izo zimaloza kwawo kwa liwu. Mu sign "g" samveka, koma mu signature ndi signal amadzuka. Mu two "w" ali chete, koma tamverani twin, twice, twelve, twenty, between, onsewa muli "ziwiri" m'kati. Mu debt, ngongole, "b" samveka, mu debit amamveka, ndipo "b" ameneyo anachita kuikidwamo ndi anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti liwulo ndi la ku debitum ya Chilatini. Heal ndi health amamveka mosiyana, koma "ea" akukuuza kuti kuchira ndi thanzi ndi nkhani imodzi. Know ndi knowledge chimodzimodzi. Akanati azilemba momwe amatchulira, monga timachitira ife, kuwerenga mokweza kukanaphweka koma ubalewu ukanabisika. Nthawi zina ophunzirawo ankaphonyanso. Mu island anaikamo "s" poganiza kuti ndi mbale wa isle, pamene sanali.

Ndiye pa bolodi langa masiku ano sindilembanso mndandanda wa mawu ongofanana zilembo. Ndimajambula mtengo, tsinde pansi, mawu m'nthambi, ndipo pambali pake ndimajambula wa Chichewa, "lemb" kapena "phunz", kuti ana aone kuti nzeruyi anabadwa nayo.

Mphunzitsi wopuma: Jambulani mitengo yanuyo mwana wanga, ndi yabwino. Koma Lachisanu lembetso lisalephereke. Though ndi through alibe mtengo woti muwapachikepo.

Nabanda: Lembetso lilipo agogo, Lachisanu lililonse. Ndinaphunzira kwa anthu ngati inu.

Wa Fomu 4: Zikomo kwambiri madamu ndi agogo. Ndatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa kope, ndalemba scrib, spect, port. Ndikupempha ena.

Nabanda: Onjeza dict, kunena: predict, dictionary, contradict, verdict. Ndi ject, kuponya: reject, inject, project, eject. Za mlungu uno zakwana. Liwu lililonse ulipangire chiganizo chako, unditumizire kumbali ndikuchongere.

Lachinayi masana

Make Tadala: Ndabwera kudzathokoza. Tadala wawerenga onse khumi, waphonya limodzi lokha, drought anati "drafti". Akuti atamaliza anauza kalasi kuti "gh" kale ankatchulidwa kukhosi, n'kuyeserera momwe malume anafotokozera, anzake onse n'kuyamba kukhwekhwereza kukhosi mpaka aphunzitsi kuwaletsa. Wabwera akudumphadumpha.

Tsono wandibweretsera ine nkhani ina. Pofika pa shopu waima n'kuyang'ana chikwangwani changa, chimene ndinalipira munthu kuti andilembere chaka chatha, ndipo akuti amama, apa palembedwa "Tailoring and Sawing", koma m'buku lathu kusoka ndi sewing. Ine ndakhala ndikudutsa pansi pa chikwangwani chimenechi tsiku lililonse. Kodi mwanayu akunena zoona?

Nabanda: Akunena zoona mayi. Sew, kusoka, amalembedwa ngati few ndi new koma amatchulidwa ngati so. Sow, kufesa mbewu, amamvekanso chimodzimodzi. Saw ndi sowo yochekera matabwa, ndiye sawing ndi ntchito ya akalipentala. Chilembo choti chisinthe ndi chimodzi chokha, "a" akhale "e".

Make Tadala: N'chifukwa chake bambo ena anabwera mwezi watha kudzafunsa ngati timacheka mapulanga. Utoto wabuluu unatsalako m'kachitini. Loweruka Tadala akwera pa mpando akonze yekha, dzanja lake ndi labwino kuposa langa.